Mtedza wa ku Vubwi ndi Pulogalamu ya Fabiano

Pa ofesi ina yofufuza za mbewu ku Katete panali katswiri wa makompyuta, dzina lake Fabiano. Anzake ankataya masabata akusakasaka pa intaneti nkhokwe zomwe asayansi amasungamo mbiri ya mbewu ndi matenda ake. Iye anapanga pulogalamu yosaka yokha nkhokwezo n'kumazisanja. Ntchito ya mwezi wathunthu inkatha tiyi asanazizire, ndipo zotuluka zake zinkakongola ngati mizere ya mlimi wakhama.

Chaka china alimi a ku Vubwi anapempha mtedza wopirira matenda a kadukutu. Pulogalamu ija inaloza mtundu wina.

"A Fabiano, mwatsegula nkhokwe zimenezi kuti muone komwe yankholi lachokera?" anafunsa a Winfrida, omwe ankayang'anira kafukufuku wa mtedza.

"Amayi, mvula ili pamphuno. Tikayamba kufukula imodziimodzi, alimi adzabzala liti? Makina sanama."

A Winfrida anapukusa mutu, koma mbewu inapita.

Mtedza utangoyamba maluwa, foni inalira. Anali a Feston, wapampando wa gulu la alimiwo.

"Bambo, masamba akupota, achita chikasu. Munda wanga, wa alamu anga, mudzi wonse. Kodi si mbewu ija munati siidwala?"

Fabiano anathamangira pa kompyuta. Anatsegula nkhokwe zija. Apo anapeza kuti pulogalamu inaphatikiza mitundu iwiri ya mayina ofanana. Wopirira kadukutu unali wa dziko lina lakutali. Womwe anatumiza unali wamba, wogwidwa msanga ndi matendawo.

Fabiano ananyamuka ndi a Winfrida kupita ku Vubwi. Munda uliwonse wachikasu womwe ankaudutsa unkamulasa mumtima. Atafika, anapeza anthu ataima m'mphepete mwa mizere, manja ali m'khosi. Palibe anamukalipira. Mayi wina anazula phata lopinimbira, lopanda ndi kamtedza komwe, n'kumuika m'manja.

"Ana anga adya chiyani chaka chino?" anafunsa motsitsa mawu.

Fabiano anayang'ana a Winfrida, koma iwo anali atazolika. Nyengo yobzalanso inali itadutsa kale, ndipo mzimu wa chidaliro chomwe alimiwo anali nacho pa ofesi ija unali utauluka.

Akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.