Nyemba za Apongozi pa Intaneti

Kuseri kwa msika wa ku Furancungo kuli kabiblioteka, kanyumba ka mabuku ka bungwe la alimi, ndipo m'menemo ndi momwe Avelino ankagwira ntchito. Mutu wake unkagwira msanga, zimenezo tisamunamizire. Telefoni ikakana kuyaka, amayi ogulitsa tomato ankathamangira kwa iye. Chilema chake chinali pakamwa. Musanamalize kumuuza chinthu, iye wakudulani kale: "Já sei, ndadziwa kale." Anzake anafika pomutcha Jasei, mwini wake n'kumavomera mosangalala.

Kumene dzina lake linkapepuka kunali kwa apongozi ake ku Chidzolomondo. Mayi Zulmira, amake a mkazi wake Marta, anali katswiri wosunga mbewu za nyemba zamakolo, ndipo mkamwini wosapinda msana m'munda ankamuona ngati khasu lopanda mpini. Akamwini ena akabwera, nkhuku inkafa. Akabwera Avelino, ndiwo zinali chigwada. Zinkamuwawa mumtima, ngakhale ankadya akumwetulira.

Tsono antchito a biblioteka anali atayenda m'midzi kujambula mbewu zamakolo, mayina ake, nthawi yobzala ndi nkhope za eni ake. Zonsezo zinangokhala phee m'makompyuta a m'chipinda chamkati. Ndiye bungwe linaitana Dona Edite kuchokera ku Tete kuti adzaphunzitse antchito kulemba kodigo, timalamulo touza makina kuti munthu akalemba mawu pa tsamba la intaneti, akatape yankho m'nkhokwe ija n'kumuonetsa. Aliyense anapatsidwa gawo lake. Avelino analumphira la nyemba, ndipo chifukwa chake mwachidziwa kale.

Anzake akulimbana ndi mzere woyamba, iye anali atakongoletsa tsamba lake mobiriwira ngati dimba. Lachisanu masana analemba kuti "nyemba", ndipo pagalasi panatulukira Mayi Zulmira, lichero lili m'manja, nkhope ili gwa.

"Mawa wina asajombe," anatero Dona Edite. "Zonse mwapangazi zikadali m'makina a muno. Mawa tiphunzira kuzisamutsira ku servidori, kompyuta yaikulu yosazima, kuti wakutali azifikire."

"Já sei, Dona."

"Mwadziwa chiyani, a Avelino, ine ndisanaphunzitse?"

"Taonani nokha, tsamba likutseguka."

"Likutseguka pano."

"Já sei," anatero iye, uku akukopera mu telefoni adiresi yomwe inali pamwamba pa tsambalo.

Maganizo ake anali atafika kale ku Chidzolomondo. Loweruka ndi tsiku limene amayi a kwaya amakumana pafupi ndi kwa apongozi ake, ndipo mwayi wotere sautaya munthu wotopa ndi chigwada. Anatuma Marta kuti atsogole ndi uthenga: amayi alowa pa intaneti, dziko lonse likuwaona, ngakhale a ku Maputo.

M'mawa mwake, anzake akukhala pansi kuti aphunzire, Avelino anali pa mota, njinga yake yamoto, fumbi koboo kumbuyo. Atafika anapeza bwalo losesedwa bwino, amayi a kwaya atadzaza mikeka, ena atachokera kutsidya kwa mtsinje. Mayi Zulmira anali atavala kapulana yatsopano, chitenje chowala, atakhala chammbali moyang'ana kunkhokwe, pakuti mpongozi sapenyana maso ndi mkamwini. Kukhitchini kunkachokera fungo lomwe Avelino anali asanalimvepo pakhomopo chikwatirireni. Tambala anali atafa, ndipo anafera iye.

Anagwada, napereka moni kudzera mwa Marta, kenaka anatulutsa telefoni mwaulemu wonse. Analemba adiresi ija. Kagudumu kanazungulira, kanazungulira, basi pagalasi mbee.

"Ndi redi," anatero, kunamizira netiweki. "Kuno imavuta."

Anakwera pachulu, telefoni m'mwamba ngati akuyitana mvula. Palibe. Ali pomwepo, telefoni ya mayi wina pamkeka inalira, mwana wawo wa ku Joni atatumiza kanema, ndipo kanemayo anaseweredwa mpaka kumapeto osadukiza. Avelino anabwereka telefoni imeneyo, kenaka ina, kenaka inanso. Zonse zinakana mofanana. Thukuta linayamba kutsikira m'kolala.

Posowa pogwira anaimbira Dona Edite. Tsoka lake, telefoni yake inali yoti anaikonza yekha, ndipo chikonzereni inkangolankhula mokweza, moti bwalo lonse linamva.

"Ndiwerengereni adiresiyo," anatero Dona Edite. Avelino atawerenga, Dona anayankha. "A Avelino, adiresi imeneyo imagwira pa kompyuta yanu ya kuno yokha. Tsamba lanu silinatuluke m'chipinda muno. Anzanu asamutsa awo lero, a mbatata ndi a chimanga akuoneka kale."

"Nanga langalo simungandisamutsireko, Dona?"

"Munalitseka ndi mawu achinsinsi anu, ndipo ife takiya kale. Ine mawa ndikupita ku Ntengo-Wambalame kukayamba ndi gulu lina. Mukafuna, mukakhale nawo kuyambira phunziro loyamba."

Pamkeka mayi wina anatsokomola, mnzake n'kubisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Avelino anatsika pachulu paja pang'onopang'ono, akulakalaka nthaka itang'ambika.

Mayi Zulmira sanatembenuke. Anayankhula ndi mwana wawo, maso ali kunkhokwe.

"Marta, tawafunsa amunako. Ine tsopano ndili kuti?"

Marta anayang'ana mwamuna wake, mwamuna anayang'ana pansi. "Akuti muli m'kompyuta, amayi, ku Furancungo."

"M'chipinda chokiya chija?"

"Eya, amayi."

"Ndiye a ku Maputowo azikandisuzumira pazenera?"

Apa amayi a kwaya analephera kudzigwira, chiseko chinaphulika mpaka nkhuku zinabalalika. Mayi Zulmira okha sanaseke. Iwo ndi amene anaitana anthu, ndipo manyazi anali awo.

"Tambala uja upakulire alendowa," anatero, akukonza kapulana yawo. "Ayenda mtunda wautali pachabe. Amunako chigwada chilipo."

Avelino anadya chigwadacho kuseri kwa nyumba, akumva anthu akuswa mafupa a tambala wake.

Sabata yotsatira anapempha tchuthi, nakwera chapa, kaminibasi ka kumeneko, mpaka ku Ntengo-Wambalame, kumene mphepo yake imaluma makutu. Anakhala pabenchi lakutsogolo pakati pa anthu ongoyamba kumene kugwira kompyuta. Dona Edite pofotokoza poyatsira makina anamuyang'ana dala, kudikira mawu aja. Milomo ya Avelino inagwedezeka, koma mawuwo anawameza.

Tsamba la nyemba linatseguka ndithu pambuyo pake, ndipo lero mlimi wa ku Tsangano amaona mbewu za Mayi Zulmira ali pakhonde pake. Marta atapita nayo telefoni kuti awaonetse, iwo anali m'munda, ndipo sanaweramuke n'komwe.

"Ukawauze kuti ndadziwa kale," anatero, khasu likupitiriza ntchito.

Mpaka pano nkhuku za pakhomopo zimayenda mwamtendere Avelino akafika. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.