Nkhuku Zitatu Pakhonde la a Chisale

Kalekale, koma osati kale loti anthu n'kuiwala, m'mudzi wina wa ku Dowa munali sukulu ya mkombaphala. Nkhaniyi ndikuinena monga anandiuzira amene analipo, sindiwonjezapo kanthu.

Sukuluyo inali chisakasa chofolera udzu kuseri kwa tchalitchi, ndipo mlezi wa anawo anali mayi wina dzina lake Esinala. Ankawaphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, kuumba ng'ombe zadothi, kusamba m'manja asanadye, ndi kuimba. Makolo anagawana ntchito. Amayi ankasinthana kuphika phala, abambo ankalima munda wa sukulu, wa mtedza ndi soya, kuti m'phalamo muzikhala chothira.

Pakati pa anawo panali kamtsikana ka zaka zinayi, Mwandida, kolongolola ndiponso kokonda kutsogolera nyimbo. Mayi ake anali Nachisale, mwana wa m'mudzi momwemo. Bambo ake anali Lufeyo, mkamwini wochokera ku Ntchisi.

Chaka chimenecho njala inafika msanga. Munda wa sukulu unali utabala pang'ono, chifukwa nthawi yopalira abambo ambiri anali ku ganyu ku esiteti ya fodya, Lufeyo ali m'gulu lomwelo. Pofika Januwale nsinjiro zinatha, soya anatha. Phala linatsala la ufa ndi mchere basi, lamadzimadzi. Amayi ophika ankadziwa zimenezi, koma Nachisale sankadziwa, pakuti anali ndi khanda ndipo anzake anamupumitsa pa ntchito yophika.

M'mawa wina Esinala anaona kuti Mwandida wakhala pansi pamene anzake akudumpha chingwe. Anamunyamula, nayang'ana mapazi ake. Anali onenepa, onyezimira. Anadina pamwamba pa phazi ndi chala chachikulu, n'kuchotsa chalacho. Panatsala kadzenje, ndipo sikanabwerere.

Esinala anadziwa chimene waona. Ku maphunziro a alezi anawauza momveka bwino kuti mwana wotupa chotero wasowa zakudya m'thupi, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma m'mudzimo kutupa kwa mwana kunali ndi dzina lina. Ankati ndi tsempho. Ankati mwana amatupa bambo kapena mayi ake akayenda ndi munthu wa kunja kwa banja n'kudzamugwira, kapena munthu wosayenera akathira mchere m'chakudya chake. Nanga mchere wa m'phala la pasukulu ankathira ndani? Amayi osinthanasinthana, lero uyu, mawa wina.

Esinala anaganiza. Akanena kuti mwana watupa, banja la Nachisale ligwedezeka. Amayi ophika ayamba kulozana zala, makolo achotsa ana awo, ndipo ana onsewo ataya ngakhale kaphala kamadzimadzi komweko. Choncho anati mumtima, ndinena mawa. Anamuwonjezera Mwandida kapu yachiwiri ya phala, namupempherera popita kunyumba. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi.

Tsiku lina anakumana ndi Nachisale pa mjigo, khanda lili kumbuyo.

"Aphunzitsi, mwana wanga mukumudyetsa chiyani kodi?" anatero Nachisale akuseka. "Masaya amenewo! Ngati mwana wa bwana wa m'tauni. Ine masana sindivutikanso naye. Kagawo kake ndimapatsa akulu akewo, poti iwo ku pulayimale kwawoko kulibe phala."

Esinala anatsegula pakamwa. Pa mjigopo panali amayi ambiri, ena mwa iwo ophika phala, onse makutu ali tcheru.

"Tithokoze Mulungu, amake Mwandida," anatero.

Anasenza ndowa yake n'kumapita. Akuti madzulo ake analephera kupemphera, chifukwa dzina limene anafuna kuitana ndi lomwe anali ataphimbira nalo bodza.

Lufeyo atabwera kuchokera ku esiteti, kumene anali atapitanso kukagwira ganyu, anangoyang'ana mapazi a mwana wake kamodzi, nkhope yake n'kugwa. Kumene anachokerako anali ndi mkazi wina, ndipo sanakayike kuti wamupweteka mwanayo ndi iye. Sanauze munthu. Anapita mwakachetechete kukafuna mizu ya tsempho kumudzi wina, n'kumamumwetsa mwanayo mkazi wake ali kudimba.

Esinala anakumana naye panjira ya kuchigayo, ali awiri okha, ndipo analimba mtima pang'ono.

"Abambo ake Mwandida, mwana uja akanaonedwa kuchipatala."

Lufeyo anayang'ana pansi. "Matenda amene aja ndi jekeseni sizigwirizana, aphunzitsi. Mukudziwa inunso. Tapeza kale mankhwala. Tipatseni nthawi pang'ono."

Esinala sanatsutse. Chimene chinadzamupweteka kwambiri pambuyo pake n'chakuti pamene anakanidwapo, mtima wake unapepuka. Anadziuza kuti wanena, mwini mwana wakana.

Sipanapite nthawi yaitali, Mwandida anafika kusukulu atanyamulidwa ndi mkulu wake. Nthawi ya phala analephera kukweza kapu. Khungu la m'miyendo linali litayamba kusupuka, ndipo ngakhale kulira sankalira. Esinala anasiya ana ena m'manja mwa amayi ophika, anabereka mwanayo, nalunjika kunyumba kwa Nachisale. Amayi ena anamutsatira. Pabwalo pomwepo, anthu akuona, anadina phazi la mwanayo.

"Uku si kunenepa, amake Mwandida. Mwana watupa. Phala lathu lilibe chothira kuyambira Januwale. Ndinaona kalekale, ndinakhala chete. Apite kuchipatala lero."

Zimene ankaziopa zija zinayamba pomwepo. Wina anafunsa kuti sabata yatha anathira mchere ndani. Wina anayankha kuti asamuyang'ane iye, mwamuna wake ali ku Joni. Azakhali ake a Nachisale anaima pakhomo n'kunena kuti mwana sachoka mpaka wolakwa adziwike, pakuti akakamubaya jekeseni tsempho lisanakonzedwe abwerako ndi mtembo. Dzuwa linkakwera, mkangano ukukula, mwana ali lende kumsana kwa Esinala.

Pamenepo Lufeyo anaimirira pamene anakhala, pafupi ndi nkhokwe.

"Asiyeni amayi a mcherewo," anatero ndi mawu otsika. "Ndine. Ku esiteti kuja ndinalakwa. Mankhwala ndamumwetsa kale, sakuthandiza. Tsopano mwadziwa. Ndipatseni mwanayo."

Mkamwini kunena mawu otero pamaso pa apongozi ndi mudzi wonse n'kudzichotsa yekha pamudzi, ndipo iye ankadziwa. Azakhali aja anachoka pakhomo. Lufeyo anamanga mwanayo pachifuwa ndi chitenje, nakwera njinga. Pamtsinje anapeza madzi adzaza mpaka kumiza mlatho wamitengo. Anasiya njinga m'mbali, anaika mwana pamapewa, nawoloka madzi ali m'chifuwa. Kutsidyako anathamanga wapansi mpaka kuchipatala.

Nachisale anafika madzi ataphwera, khanda kumbuyo, osalankhula ndi mwamuna wake. Anamwino anati tsiku lina limodzi likanadutsa, mwana sakanapulumuka. Anafunsa mayiyo kuti masana mwanayo ankadya chiyani. Nachisale anadziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo anamwinowo sanafunsenso.

Anakhala kumeneko kupitirira mwezi, akugona pansi pa simenti. Mwandida ankakana mkaka wa kuchipatala, ankalavula, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Amayi ena a m'chipindamo anatopa ndi ana awo n'kuthawa nawo. Nachisale anakhala. Ankadontheza mkakawo ndi kasupuni, pang'onopang'ono, dzanja lina likuyamwitsa khanda, mpaka mwanayo anayamba kumeza, kenako kunyambita chiponde, kenako kupempha yekha. Kumudzi, chimanga chake chinadyedwa ndi udzu.

Mwandida anabwerera ali moyo, Mulungu atamandike. Anali woonda, wofatsa, wosachedwa kutopa, koma ankadya.

Tsopano Nachisale anali ndi mlongo wake wamkulu, a Chisale, kalipentala wa ku Mponela, amene anali mwini mbumba. Iwo anabwera kumudzi n'kunena kuti nkhani yotere siingangosiyidwa, poti mwana wa mlongo wawo anatsala pang'ono kufa anthu akuona. Amene akudziwa kuti ndiye analakwa abwere ndi nkhuku yopepesera, nkhani ithe, anthu ayambenso kupatsana moni.

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Esinala anagwira thadzi lake lokhalo n'kupita kunyumba imene a Chisale anafikira ndi akazi awo. Atafika, anapeza Lufeyo wakhala pansi kunsi kwa khonde, tambala ali m'khwapa. Asanamalize n'kupereka moni komwe, Nachisale anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula msoti.

Akazi a Chisale anasuzumira pakhomo. "Kodi abambo, mwatsegula msika wa nkhuku osandiuza?"

Palibe anaseka, kupatula a Chisale, pang'ono pokha.

"Ine ndinaitanitsa imodzi," anatero. "Mlandu ndi umodzi. Ndipo musanayambe kulimbirana, mvetsetsani. Ndikalandira ya aphunzitsi, ndiye kuti mwana anapwetekera kusukulu, ndipo makolo sadzalola kuti iwo alerenso ana awo. Ndikalandira ya alamu, ndiye kuti abwerere kwawo ku Ntchisi. Ndikalandira ya mlongo wangayu, mwana ndimutenga akakulire kwathu ku Mponela. Yambani, alamu."

Lufeyo sanadzutse mutu. "Alamu, landirani yanga. Munda wa sukulu ndinauthawa ndine. Banja ndinalipereka ndine. Aphunzitsi anandiuza za chipatala, ndinawabweza, osati chifukwa cha mwana, koma kuti manyazi anga asaoneke. Ndinamumwetsa mizu yowawa ali ndi njala."

"Achimwene, musawamvere amenewo," anadula Nachisale. Aka kanali koyamba kuti alankhule za mwamuna wake chibwerere kuchipatala. "Za ku esitetizo ndi nkhani ina, tidzakamba ine ndi iwo, ndipo sindinaiwale. Koma mwana sanatupe ndi zimenezo. Anatupa ndi njala, ndipo mbale yake ndinachotsa ndine ndi manja angawa. Ndinkamusambitsa tsiku ndi tsiku. Mayi wanji amene amanyadira kutupa kwa mwana wake pa mjigo? Sindinapiteko n'kamodzi komwe kukaona chimene amadya kumeneko."

"Nkhuku imeneyo si ya m'khola la amayi athu, iwe?" anafunsa a Chisale. "Ukufuna undipepese ndi nkhuku yanga yomwe?"

"Ndinaweta ndekha, achimwene."

A Chisale anatembenukira kwa Esinala. Iye anali atagwira thadzi lake mwamphamvu moti linayamba kulira.

"Bambo Chisale, awiriwa analakwa osadziwa," anatero. "Amake Mwandida ankaona ngati mwana akunenepa. Abambo ake ankakhulupirira ndithu kuti jekeseni imupha. Pa atatufe, amene ankadziwa dzina lenileni la matendawo ndi njira yake ndine ndekha. Ndinaphunzitsidwa kuti ndidzanene pa tsiku ngati limenelo. Ndinasankha mtendere wa mudzi, mwana akutha."

"Koma munanena, aphunzitsi," anatero Nachisale. "Mukanapanda kudina phazi lija pamaso panga, bwenzi tikulira."

"Ndinanena mochedwa. Ndipo ndikanangonena chabe, abambo ake osatsegula njira ndi kuwoloka mtsinje, zikanathandiza chiyani?"

"Ine ndinangomufikitsa," anatero Lufeyo. "Wamubwezera moyo ndi mayi wakeyu."

A Chisale anapukuta thukuta pamphumi. "Milandu ndaonapo yambiri. Anthu amakana, ine n'kumawakakamiza. Inu mukulimbirana mlandu ngati nyama ya pa ukwati."

Pamenepo Esinala anayamba kuona chimene chili kumbuyo kwa nkhuku iliyonse. A Chisale akalandira ya Lufeyo, mudzi wonse udzati linali tsempho ndithu, ndipo mwana wina akadzatupa adzabisidwanso. Akalandira ya Nachisale, mwana amene wangoyamba kudya adzachotsedwa m'manja amene anamuphunzitsanso kumeza. Akalandira yake, iye adzapeza chilango chimene mtima wake ukuchifuna, mwina n'kuyambanso kupemphera bwinobwino, koma m'mudzimo munalibe mlezi wina wophunzitsidwa, ndipo chisakasa chija chidzatsekedwa ana ali ndi njala. Anadzifunsa ngati kubwera kwake ndi thadzilo kunali kulapa, kapena kufunanso kupepukitsa mtima wake, ana a eni ake n'kulipira. Koma nkhukuyo sanaibweze.

Amene anandiuza nkhaniyi anachoka pamenepo a Chisale asanatambasule dzanja, ndipo ine sindingapeke zimene sindinamve. Atatuwo aliyense anamuika mwana pangozi, aliyense anamuwombola, ndipo aliyense akupempha kuti mlandu ukhale wake. Mulungu awachitire chifundo onse. Koma pakhondepo payenera kulandiridwa nkhuku imodzi.

Nanga inu, mukanakhala a Chisale, mukanalandira ya yani: ya mlezi amene anadziwa nakhala chete, ya bambo amene anatseka njira ya kuchipatala pobisa manyazi ake, kapena ya mayi amene anachotsa mbale ya mwana wake ali wokondwa?