Mtedza wa Mbewu wa Nakwenda

Kalekale, anzanga, kunali mayi wina dzina lake Nakwenda. Mlimi wa mtedza ameneyo! Koma mwamuna wake, a Thawale, ha! Ingomvani nokha.

Atakolola, Nakwenda anasankha mtedza wa mbewu, nauthira mumtsuko, namata pakamwa ndi dothi.

"Bambo, uwu ndi wa mbewu. Musaukhudze."

"Ine? Ndiukhudziranji?"

Tsono kutsidya kwa dambo kunali mayi wamasiye, Nangozo, wa mano oyera mbee. A Thawale mtima unapita kumeneko. Mkazi akapita kumadzi, iwo kumatula mtsuko, kutapa dzanja limodzi, kuthiramo timiyala, kumatanso. Ulendo kutsidya.

Lero dzanja. Mawa dzanja. Mkuja manja awiri. "Kangachepe aka, sikadziwika."

Mvula inagwa. Nakwenda anasenza mtsuko, napita kumunda. Kumatula uku, timiyala tokhatokha. Anakhuthula pansi, nafufuza ndi chala. Mtedza olo umodzi!

"A Thawale! Mbewu yanga ili kuti?"

"Kaya, mwina makoswe."

"Makoswe omata mtsuko? Makoswe otola miyala? Bambo inu, ndevu zonsezo!"

"Ndimati utsalako pansi."

"Pansi pake pati? Mwatha wonse psiti! Tidzala chiyani, miyala?"

Nakwenda anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu. Uku, tadzala kale. Uko, tadzala kale. Sabata yonse, mizere ili mbuu.

Potsiriza anawoloka dambo. Kwa Nangozo anapeza mtedza utamera munda wonse. Wamasiye amene chaka chatha sanalime mtedza!

"Mnzanga, mbewuyi unaitenga kuti?"

"Amuna ako ankabwera nayo kuti ndizikazinga. Ine mbewu sindidya. Ndinkangosunga."

Nakwenda anagwira m'chiuno.

"Ndiye titani?"

"Tidzagawana pakati. Koma khasu ine sindigwira."

"Nanenso sindigwira."

Chaka chimenecho a Thawale anapalira munda wonse wa Nangozo okha, thukuta kamukamu, amayi awiri atakhala pachulu n'kumaloza.

"Apo mwasiya udzu, bambo!"

"Eya, ndi apo!"

Anthu opita kumsika ankaima panjira n'kumaseka chikhakhali.

Mwamva, anzanga? Pang'onopang'ono ndiye amatha zinthu. Ukamatapa, kumbuka kuti mtsuko uli ndi pansi.

Nthano yanga ndiye yathera pomwepo.