Ng'ombe za Malume Elifala

M'nyumba ya aphunzitsi pa sekondale ina ya m'mapiri a Dowa munali mpando umodzi, mbale imodzi ndi mashelefu awiri a mabuku. Mwini wake, Gideoni, ankadya yekha ndi kupemphera yekha. Sukulu ikatsekera, anzake ankakwera basi kupita kwawo, iye n'kutsala akumva mphepo ikulira m'malata. Komatu kwawo ku Ntchisi sikudali kutali: kukacha bwino mapiri ake ankaoneka ali pakhonde.

Chidamutsekera njira chidali ngongole. Pamene adapeza malo okaphunzira digiri yachiwiri kunja, thandizo lomwe adalandira lidali loperewera. Malume ake, a Elifala, mkulu wa mpingo, adagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zapangolo n'kumubwereka ndalamazo. Atabwerako Gideoni, iwo adamukhazika pansi pa mtengo wa mango.

"Mphwanga, ngongoleyi isakusowetse tulo," adatero a Elifala. "Mwezi ukatha uzibwera ndi kangachepe. Kaya thumba la feteleza, kaya kambuzi, ine ndilandira. Ubwere ndi miyendo yakoyo, tizidya limodzi chinangwa."

"Ayi malume," adayankha Gideoni. "Munthu wa madigiri awiri n'kumabweza ngati wogula mchere? Anthu andiseka. Tsiku lomwe ndidzapondenso pano ndidzakhala ndikukusa ng'ombe ziwiri."

"Kodi kunjako adakuphunzitsa kumeza dzungu lathunthu?" adaseka a Elifala. Koma mnyamatayo adali atalumbira kale.

Adayamba kusunga. Koma m'zaka zimenezo mitengo ya zinthu idamera mapiko. Akasonkhanitsa ndalama, ankapita ku msika wa ng'ombe, kuonetsa khadi lachipani polowa monga lidalili lamulo masiku amenewo, n'kupeza kuti ndalama ya ng'ombe ziwiri yasanduka ya imodzi ndi mchira. Ankabwerera manja ali m'thumba, n'kudziuza kuti chaka chamawa. Manyazi adakula ngati nansongole m'munda wosapalira. Maukwati akwawo adamupita, maliro adamupita. Akakumana ndi munthu wa kumudzi pa Mponela, ankakhotera kuseri kwa sitolo. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, ndipo nyimbo zonena za kwathu zikayamba, ankatseka buku lake la nyimbo.

Tsiku lina mlongo wake Magdalena adatulukira pasukulupo, fumbi lili mpaka m'mawondo.

"Achimwene, malume akukuitanani. Thupi latha."

"Ndikaonetsa nkhope yanji, ng'ombe palibe?"

"Nkhope yomweyo muli nayoyo. Kapena nayonso mudaisiya kunja?"

Gideoni adatsatira mlongo wake ngati Yakobo popita kukakumana ndi Esau, kusiyana kwake iye adalibe zoweta zotsogoza. Atafika, adaima kakasi pakhola: munali ng'ombe ziwiri zonenepa, goli litatsamira pamtengo.

"Izi zachokera kuti?"

"Kwa nkhuku zanga," adatero Magdalena. "Mutasowa inu, malume ankalima ndi khasu, chimanga n'kumasenza pamutu. Ndinaona kuti ngongoleyi ndi ya m'mimba mwathu. Nkhuku zikachuluka ndinkasinthitsa ndi mbuzi, mbuzi zikaswana n'kusinthitsa ndi thole. Mathole ajawo ndi awa."

A Elifala adali pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Gideoni adagwada.

"Malume, ndine Gideoni. Ndabwera chimanjamanja."

Nkhalambayo idatambasula manja n'kuyamba kupapasa mutu wake, masaya, ndevu zomwe zidali zitayamba imvi. Apo m'pamene Gideoni adaona kuti maso a malume ake ayera ngati mkaka.

"Ambuye alemekezeke," adatero a Elifala. "Za ng'ombe zisiye, mphwanga, zidabwera zokha pa miyendo ya nkhuku. Chimene ndinkadikira pa njira iyo mwezi ndi mwezi ndi nkhope yako. Wabwera nayo lero maso atapita."

Gideoni adalira ngati mwana. Ndalama zomwe adasunga adazipereka kwa Magdalena, koma zaka zija padalibe woti n'kumubwezera. Mvula isanagwe a Elifala adagona, ndipo ng'ombe zomwezo ndi zomwe zidakoka ngolo ya nkhuni za pamaliro.

Gideoni adabwerera ku mpando wake umodzi uja. Tsopano mwezi ukatha amakwera phiri kupita kwa mlongo wake, kaya ndi sopo, kaya ndi shuga, kaya ndi moni wokha. Akafika amayamba waima pa manda a malume ake, chipewa chili m'manja.

Mulungu amene amadzaza mtsinje ndi madontho a mvula sanyoza chochepa. Wofuna kusenza nkhalango yonse tsiku limodzi amabwerera wopanda ndi kamtengo komwe, pamene wotola nkhuni imodziimodzi amafika kumudzi moto n'kuyaka. Akuluakulu sadaname: pang'onopang'ono ndi mtolo.