Dzanzi la Telala ndi Munthu wa Manja Olemera

Panali bambo wina wotikita anthu omva kupweteka m'thupi. Manja ake anali olemera ngati a woumba njerwa, ndipo anthu ankamukondera zomwezo. Munthu akakuwa kwambiri, ankachoka akunena kuti lero ndiye wathandizidwa.

Tsiku lina kunabwera mayi wina, telala. Chala chake chaching'ono chinali chitachita dzanzi, singano ikumupulumuka, diresi la mkwatibwi lisanathe. Bamboyo anakanda chala, nakanda chikhatho. Mayi anakuwa, nathokoza, napita. Pobweranso, dzanzi linali litalowa chala choyandikana nacho.

Apa bamboyo anaona kuti mphamvu zake zagwira ntchito yonse kupatula yochiritsa. Pofuna kuphunzitsa zala zake kumva, anapempha ulusi kwa telalayo, nauika pansi pa nsalu, nayamba kuufufuza ndi nsonga ya chala atatsinzina. Akakanikiza, ulusi unkasowa. Akapeputsa dzanja, unkamveka. Anapinda nsaluyo, naipindanso, osaleka, mpaka akazi ake anafunsa ngati wayamba kuombeza.

Telala uja anabweranso. "Achimwene, lero mukanikize zenizeni. Zija zinachepa."

"Mayi, tigwirizane. Mundilole ndifufuze kaye. Ndikalephera, ndikukandani mpaka a kumsika amve."

Chala chodwalacho sanachikhudze. Anayendetsa nsonga ya chala chake pang'onopang'ono, kukwera mkono. Kuseri kwa chigongono, m'kampata ka pakati pa mafupa, anamva kanthu konga chingwe kakugudubuzika, kotupa pang'ono. Anangokagunda.

"Mayo! Zafika kuchala!"

"Mukamasoka pamanja mumatsamira pati?"

"Pathebulo, ndi chigongono chomwechi. Nanga nditsamire mutu?"

"Mtsempha wake ndi uwu. Mwakhala mukuufinya nokha. Apa musatsamirenso."

Mayiyo anachoka akudandaula kuti lero sanamve kuwawa kokwanira. Komabe analeka kutsamira. Dzanzi linayamba kuchepa, singano inakhazikika, mkwatibwi anavala diresi lake.

Inu amene mukuphunzira ntchito ya manjayi, wodwala adzakulozerani pomwe pakupweteka, ndipo adzakupemphani mphamvu. Musafulumire kumugulitsa zomwe wapemphazo. Mtsempha mukaukankha umathawira pambali, inu n'kumakanda nyama yosalakwa. Peputsani dzanja, muutsate mpaka pomwe wafinyika. Yambani lero ndi chigongono chanu chomwe, ndipo musachisiye mpaka chala chanu chaching'ono chiyankhe.