Kusisita si Kusita

Pa sikimu ya mpunga ku Lifuwu panalibe mwamuna wopanda dzina lachipongwe, ndipo maina onsewo ankachokera pakamwa pa munthu mmodzi, a Lenard. Saidi, wamimba yotsogola, anamutcha Mtsuko. Masautso, woonda mpaka nthiti kuonekera, anamutcha Mono, kuti akufanana ndi msampha wa nsomba. Munthu akangovula malaya m'munda, a Lenard ankamuyeza ndi maso, ndipo pofika madzulo dzina linali litafika kale pamsika.

Koma eni akewo sankavula. Dzuwa liswe mtengo, thukuta lichite kamtsinje, iwo mabatani mpaka pakhosi ngati akupita kukafunsira mbeta. Ankati ndi ulemu. Ulemu wake uti? Chilungamo chake n'chakuti Namalenga anawaninkha chifuwa chimene anamwali ena amachita kuchipempherera: mabere awiri odzadza bwino, ogwedera akamathamanga. Mumtima mwawo ankati chinsinsichi akuchidziwa ndi akazi awo okha, a Charity.

Tsono nyengo yowokera itayandikira, mbande zili biriwiri pa nazale, a Lenard anati anyamule thumba la feteleza okha kuti anyamata aone mphamvu. Msana unangolira kamodzi, basi. Kuwerama kunakanika, kuwongoka kunakanika, bambo wathu n'kumayenda ngati akufunafuna singano pansi. Ndipo mpunga sudikira wodwala. Mbande zikakalambira pa nazale, ngakhale uziwoke mwaluso chotani, chaka chimenecho wagwa nayo.

A Charity anayesa kuwathowa ndi madzi otentha, koma sizinaphule kanthu.

"Bambo a Ufulu, pitani kwa Che Nasir akakusisiteni. Anzanu onse amachira komweko."

"Pachisakasa paja? Pamene anthu amakhala mimba pamtunda ngati achule?"

"Nanga mbande zija muwoka ndi pakamwa?"

Che Nasir anali msodzi wopuma, wa manja ngati nkhafi, amene ankasisita anthu ndi mafuta a nsatsi pachisakasa cha kuseri kwa nyumba yake. Chitseko panalibe. Odikira ankakhala pabenchi, malaya ali paphewa, akuonerera mnzawo akubuula pamphasa. A Lenard anapita ndithu, atasankha nthawi ya nkhomaliro kuti pasakhale anthu, atavala malaya awiri ndi jekete pamwamba.

"Vulani, achimwene, mugone apa," anatero Che Nasir.

"Ingopangani pamwamba pomwepa. Ine sindizolowera kuvula."

Che Nasir anawayang'ana kuyambira kukolala mpaka kumapazi, napukuta mafuta m'manja.

"Wallahi, mwasochera. Ine ndimasisita, sindisita. Ngati vuto lili pa jeketeyi, pitani nayo kwa a telala ku Salima, ali ndi simbi yamakala."

A Lenard anapsa mtima, nabwerera kwawo chokwawa, akutukwana asodzi onse ndi makolo awo. Anagula mankhwala opaka a m'kabotolo, oyabwa ngati tsabola, khungu linatentha koma msana uli pomwepo. Anamwa mapilitsi a pagolosale mpaka m'makutu kulira. Anamuuza mwana wawo Ufulu kuti awaponde pamsana, ndipo kukuwa kwawo kunamveka mpaka kwa aneba. Uku minda ya anzawo inkabiriwira mzere ndi mzere, wawo uli mbee, madzi okhaokha, akakowa akuyendamo mwaufulu. Aganyu onse anali atagwidwa kale ndi ena. A Charity anawoka okha mpaka zala kutupa, koma mutu umodzi susenza denga. Mbande zinayamba kufiira nsonga.

Tsiku lina m'mawa a Lenard analephera ngakhale kudzuka kuti apite kuseri. Apo a Charity sanafunsenso maganizo a munthu. Anabwereka ngolo, nawakweza amuna awo ngati thumba la mpunga, ulendo kwa Che Nasir. Mwatsoka linali tsiku lodzadza. Pabenchi panali Saidi ndi mtsuko wake, Masautso ndi mono wake, ndi ena ambiri amene a Lenard anawabatiza popanda kuwapempha.

"Lero tisita kapena tisisita?" anafunsa Che Nasir.

"Sisitani," anayankha a Lenard ndi mawu a mwana wa mbuzi.

Anamasula mabatani. Anatsinzina, kudikira kuti chiphokoso cha kuseka chigwetse chisakasa. Iwo akanakhala pabenchipo, dzina likanatuluka batani lachiwiri lisanamasuke. Koma kunali zii. Kenaka anamva Saidi akufunsa Masautso ngati madzi afika ku ngalande ya kumunsi. Zoti pali munthu wavula, analibe nazo ntchito.

Zinawapweteka kuposa msana. Atagona pamphasa, zala za Che Nasir zikulowa m'minofu, analephera kupirira.

"Saidi, sukuona kanthu iwe?"

"Chiyani, a Lenard? Mabere anuwo? Aaa, amenewo tinawaona kalekale. Malaya akanyowa ndi thukuta sabisa kanthu."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Tinene chiyani? Aliyense pano ali ndi katundu wake. Ife tinabwerera misana."

Atapitako maulendo angapo, msana unamasuka, a Lenard n'kuwongoka ngati munthu. Anathamangira ku nazale, koma anapeza mbande zitakula mfundo, zolimba ngati udzu wofolerera. Anawoka zomwezo, malaya atakoleka pamtengo, mabere ali pamtetete, ndipo palibe ngakhale mbalame imene inacheuka. Pokolola, anzawo ankabwereka ngolo, iwo mpunga wawo wonse unakwana pa njinga.

Chaka chathunthu chinapita chifukwa choopa kuseka kumene wogulitsa wake anali iwo okha pa Lifuwu ponse. Anzawo aja, amimba ndi anthiti omwe, ankadziwa kuyambira kale zimene a Lenard anaziphunzira ndi nkhokwe yopanda kanthu: anyani sasekana zikundu.