Kalumo ka a Namsukwa

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi ku Sandama, komwe njanji imakhotakhota m'mapiri a nthochi.

Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Elube. Chuma chake chinali chiwaya chimodzi ndi munda wa nthochi umene anadzala malemu mayi ake. Ankadula nthochi zaziwisi m'mapisi akuluakulu, n'kukazinga, n'kukagulitsa kwa anthu apasitima. Zikadali zamoto zinkakoma, koma dzuwa likafika paliwombo zinkalobodoka, mawa lake n'kukhala za nkhumba. Sitima nayo inkadutsa kawiri pa sabata basi, moti mikoko yambiri inkangowolera m'munda.

Amuna ake, a Likoswe, anatopa nazo. "Mvula ikangogwa, ndigwetsa nthochi zonsezi tidzalemo chimanga," anatero. Mawuwa anamuwawa mtima Elube.

Tsiku lina sitima inafera pasiteshoni pomwepo. Mwa otsika munali mayi wachikulire woluka madengu, a Namsukwa, ochokera kutali ku Misuku. Elube ataona kuti atopa, anawatengera kunyumba, n'kuwayalira mphasa pamthunzi. Anawapatsa madzi ndi nthochi zotsala m'lichero.

Mlendoyo anatafuna modekha. "Mwana wanga, mchere umautha," anatero. "Koma mpeni wakowo ndiye mdani wako."

A Likoswe anaseka. "Amayi, ife tinabadwira m'nthochi. Mutiuza chiyani chachilendo?"

"Asiyeni ayese, bambo," anatero Elube. "Mkoko umodzi sungatisaukitse."

A Namsukwa anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa kalumo kamene ankapalira nsungwi. Anakatsuka bwinobwino, n'kusenda nthochi imodzi, n'kuyamba kuidula mopyapyala, moti kachidutswa ukakakweza m'mwamba dzuwa linkaonekera. Anaponya m'mafuta otentha, chiwaya n'kuti chwee! Posakhalitsa anavuula zili psuu, n'kuwaza mchere.

A Likoswe anatola kamodzi monyinyirika. Kanalira m'kamwa kuti khwa! Anatola kachiwiri, kachitatu, kenaka dzanja lonse.

"Bambo," anatero Elube, "paja mwati tinabadwira m'chiyani?"

Onse anafa nalo phwete, a Likoswe akuseka kukamwa kuli tho.

"Zikazizira uzitsekere m'chitini, mpweya usalowe," anatero mlendoyo. "Zitha masabata zikukukutika chonchi." Sitima itakonzeka, anaika kalumo kaja m'manja mwa Elube n'kukwera.

Elube anadzicheka zala sabata yonse, koma dzanja linazolowera. Chitini choyamba anakwera nacho sitima yekha kupita ku Luchenza, ndipo chinatha asanapeze n'pokhala pomwe. Wagolosale wina anaitanitsa zitini zitatu kwa iye. Kenaka uthenga wofuna nthochizo unabwera kuchokera ku Limbe, wina ku Balaka. Nthochi za m'munda mwake zinachepa, anayamba kugula za anansi. Amayi asanu ndi mmodzi ankakhala m'chisakasa kudula nthochi akuimba, ndipo a Likoswe, omwe aja a chimanga, ndi amene ankasenza makatoni kupita nawo kusiteshoni, akuuza aliyense kuti nthochi za akazi awo zafika mpaka ku Salima.

Pa tsiku lotsegulira nyumba yatsopano yokazingiramo, mudzi wonse unabwera kudzavina. Mayi wina anafunsa, "Achemwali, nzeru imeneyi munaitola kuti, poti tonse tinakulira limodzi?"

Elube anaseka n'kuyankha, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."

Mawuwo anthu anawatola, ndipo mpaka lero akadali pakamwa. Tanthauzo lake ndi ili: vuto limene eni mudzi alizolowera mpaka kuleka kuliona, wochokera kwina amatha kulithetsa kamodzi n'kamodzi. Choncho mlendo akafika pakhomo panu, muyalireni mphasa, ndipo akayamba kulankhula, musathamangire kuseka.